Alongo Anga Pakamwa pa Ng'anjo

Inu ana, Lwazi ndi Mphatso, ndi iwe Tadala mwini mlandu, ikani mafoni pansi. Ayi, ndaiwala kuti izi muwerengera pafoni pomwepo. Chabwino, agwireni, koma maso akhale pa mawu anga osati pa anthu ovina aja. Chichewa chikakuvutani kafunseni bambo anu, nawonso achiteko manyazi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, chifukwa aphunzitsi ndi ine tinaona kuti mmodzi ayenera kuchoka, ndipo iwo anali ndi banja loti alidyetse. Tsono mukapeza chilembo chagona chammbali, chisiyeni chipume.

Ndikufuna mudziwe chimene tinakanganirana ndi Tadala mwezi wathawu, mpaka ine kukana tiyi wophika iye. Inu munkangomva phokoso muli kuchipinda. Nkhani yake ndi iyi: mdzukulu wangayu, mkazi wanga wamng'ono, ankafuna kufufuta alongo anga mu kompyuta. Alongo anga enieni, a Namwale, amene anandibereka kumbuyo ndili khanda. Ndipo mu kompyutamo ndi mokhamo mmene atsala.

Kwathu ku Kasungu, kuseri kwa munda wa amayi, pamene dambo limayambira, panali ng'anjo. Musaganize za uvuni wa njerwa. Ng'anjo ndi chimphona cha dothi la pachulu, chotalika kuposa munthu atakweza mkono, chonenepa pansi, chowonda kukhosi. M'munsi mwake muli timabowo kuzungulira, ndi bowo limodzi lalikulu limene tinkati pakamwa. Mmenemo makolo athu ankathira makala ndi miyala yofiira, n'kuyatsa moto, mwala n'kulira misozi mpaka kusanduka chitsulo. Khasu, nkhwangwa, mpeni, muvi, zonse zinkabadwira mmenemo. Inu mumadziwa kuti khasu limabadwira ku hadiweya.

Motowo ine sindinauone. Pobadwa ine, makasu a kusitolo anali atapha kale ntchitoyo. Anauona ndi agogo athu aamuna, amene ankasenza makala ali mnyamata. Ankatiuza kuti osungunula chitsulo ankagona kutchire, osayandikira akazi awo, ndipo mkazi akangodutsa pafupi chitsulo chinkakana, n'kutuluka phala lakuda. Ine ndimaganiza kuti chikakana pa zifukwa zina ankangonamizira akazi, monga timachitira amuna mpaka lero. Koma izi ndanena m'nyumba muno, zisatuluke pageti.

Kwa ife ana ng'anjo inali nyumba yachiwiri. Mvula ikatipeza tikudyetsa mbuzi tinkakwawira pakamwa, n'kupanikizana mkatimo, mawondo kuchibwano. Munkanunkha utsi wakalekale, utsi wa anthu amene sitinawaone. Tinkawotcheramo mbewa. Nyengo ya masuku tinkavundikamo masuku, aliyense mulu wake, ndipo mulu wanga unkakula usiku mwa njira zimene sayansi sinafotokozebe. Kunja konse kunali timiyala takuda, tolemera, tonyezimira, timene tinkati matuvi a chitsulo. Pa legeni panalibe mwala woposa timeneti. Njiwa ikalawa kamodzi inkalapa machimo a mtundu wake wonse.

Tsono onani zodabwitsa. Chinthu chimene amuna ankati mkazi asachiyandikire, anachisunga ndi mkazi. A Namwale, kuyambira utsikana wawo, chaka chilichonse mvula isanagwe ankamweta udzu n'kuiveka ng'anjo kachisoti kuti madzi asalowere kukhosi. Anthu ankawaseka. "Kodi a Namwale, mufuna kuikwatitsa?" Iwo osatembenuka n'komwe: "Inu agogo anu anakusiyirani chiyani kupatula mphuno zikuluzikuluzo?" Kunabwera anthu ena ndi mapiki, akuti pansi pa ng'anjo azungu akale anakwirira chuma. Anawathamangitsa ndi munsi mpaka kudambo, mmodzi anasiya nsapato. Ng'anjo zina za m'dera lathu zinatha imodzimodzi: ina anagumula pofuna mizere ya fodya, ina inakumbidwa ndi ofuna chumawo, ina inangotopa. Yathu inaima.

Ine ndinachoka ndevu zikungoyamba kumene. Tonse tinkati tikupita ku Joni, ngakhale ulendo uli wa kuno ku Thekwini. Palole, wapansi, pasitima, kugona m'masiteshoni mutu uli pa sutikesi, kamba wake mbatata yootcha ndi chigumu chouma ngati njerwa. Inu mumadandaula basi ikachedwa pang'ono pa renki. Ndinauza a Namwale kuti ndikangogula njinga ndi wailesi ndibwera. Njinga ndinagula. Wailesi ndinagula. Ndinadula nzimbe kuno ku Verulam minda isanasanduke nyumba. Ndinathirira maluwa a azungu ku Umhlanga, maluwa osadyedwa n'komwe. Ndinasesa fakitale ku Prospecton mpaka tsache linkandidziwa dzina. Kenako ndinakumana ndi malemu agogo anu aakazi, ndipo njinga ija inapeza ntchito zina. Kumudzi ndinkapitako mwa apo ndi apo, kenako mwa apo pokha, kenako mawondo anakana ulendo wa basi. Kwathu munthu wotere amati mtchona. Liwu limeneli musamalitchule mukumwetulira.

Ndi a Namwale tinkangolankhula pafoni, ndipo ine ndinkatseka kaye zenera. Mukudziwa nokha mmene timachisungira Chichewa kuno, m'thumba lamkati ngati foni pa renki ya matekisi. M'tekisi ndine Mzulu wosakonda kulankhula: yebo, shapu, basi. Iwo ankati, "Mwale, bwanji ukulankhula ngati uli pamaliro? Kweza mawu!" Ndikanawauza chiyani?

Chaka chatha Tadala anabwera ndi laputopu. Ku yunivesite amaphunzira zokumba zinthu zakale. Ine poyamba ndinkauza anzanga kutchalitchi kuti akuphunzira udokotala, chifukwa ndikananena kuti amatola mapale akanandipepesa. Anandifotokozera kuti iye ndi anzake akusonkhanitsa malo akale a mu Africa muno, mapanga ojambulidwa, mabwinja, ng'anjo, n'kumawasunga mu kompyuta asanathe ndi makasu, misewu ndi okumba chuma. Amayang'ana dziko kuchokera kumwamba, pa zithunzi za setilaiti.

"Agogo, kwanu ndi pati apa?"

"Iwe, ine kwathu ndinakuona ndili pansi. Kumwamba ndinapitako liti?"

Koma atakoka ndi zala zake, ndinaona dambo lathu litapinda ngati chigongono. Ndinaona njira ya kuchitsime. Mitengo yambiri kunalibe, dziko linali litametedwa mpala, koma dambo silisamuka. Pakona pa munda panali kadontho.

"Ima pamenepo! Iyo ng'anjo ya agogo."

Tadala anangoti eish, n'kundiyang'ana ngati ndasanduka munthu wofunika. Chibadwire chake anali asanandiyang'anepo choncho.

Tinaimbira Layisoni, mwana wa a Namwale, amene amalima munda uja tsopano. Iye anati, "Amalume, chinthu chanucho chang'aluka kuyambira kukhosi. Amayi sathanso kumweta udzu, ine ndiye fodya wandipanikiza. Mvula ya chaka chino sichiona kutha kwake."

Tadala analanda foni. Anati, "Ankolo, foni yanu ili ndi kamera? Muijambule ng'anjoyo mukuizungulira. Phazi limodzi, jambulani. Phazi lina, jambulani. Mukamaliza mutaima, muzungulirenso mutanjuta, kenako mukwere pa chinthu mujambule chakumwamba. Zithunzi zambirimbiri, chilichonse chizigwirako chinzake. Data ndikutumizirani." Ine anandiuza kuti kompyuta imasoka zithunzizo pamodzi mpaka chinthu chimaima chathunthu, n'kumachitembenuza ndi chala ngati mphika uli m'manja. Ndinati ufiti wina umalembedwa ntchito, wina amaupirikitsa pamudzi.

Zithunzi zoyamba zitafika, Tadala anagwira kumutu. Kwathu ukamva kuti chinthu chikupita kwa alendo, umachikonza. Layisoni ndi banja lake anali atalambula udzu wonse, atasesa mpaka pansi kuwala, matuvi a chitsulo aja atawola n'kukataya kudambo. Ndipo ng'anjoyo sinkaoneka n'komwe, chifukwa kutsogolo kwake kunaima mudzi wonse utavala za Lamulungu: Layisoni ndi jekete, mkazi wake, ana pamzere kuyambira wamtali, mpongozi, mpaka mnansi wina amene sindimudziwa atanyamula tambala. Kumapeto Layisoni anawonjezera uthenga wa mawu: "Mawa azimayi aizira ndi dothi latsopano, tagulanso laimu kuti iwale."

"Ayi! Ankolo, chonde, musaikhudze! Laimu ayi! Komanso anthu asakhalepo. Ng'anjo yokha!"

Ine ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Koma anthu aja sanalakwe, inu ana. Kale chithunzi chinali cha munthu. Wojambula ankabwera panjinga mwina kamodzi pachaka, anthu n'kubwerekana nsapato ndi wotchi yakufa. Ndani akanataya filimu pa chulu? Inu mumajambula chakudya musanadye, ife tinkajambula munthu asanafe.

Tsiku lachiwiri onse anamvera, kupatula mmodzi. Layisoni anaimba ali pamalopo, mawu ali pansipansi. "Amalume, amayi akhala pakamwa pa ng'anjo. Abwera ndi kampando kawo. Akukana kuchoka."

"Apatse foni."

Ndinamva akupuma kaye, kenako: "Mwale, ndamva ng'anjo ya agogo ikupita ku Joni. Iwe unapita wekha, taona zimene zinachitika. Iyi ndiiperekeza."

"Alongo, mwana akuti pasakhale munthu."

"Kujambula malo opanda munthu n'kwa apolisi, pakachitika ngozi. Uza mwanayo ajambule. Ine sindisuntha."

Tadala anapukusa mutu n'kunena kuti ajambule choncho, adzabwereza tsiku lina agogowo akadzapita kutchalitchi.

Tsono apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kompyuta ija, posoka zithunzi, imasunga chokhacho chimene chili malo amodzimodzi pa zithunzi zonse. Chosuntha imachitaya. Pa zithunzi zija munadutsa nkhuku, munadutsa mbuzi, ana ankathamanga kumbuyo. Zonsezo zinasungunuka ngati mchere. Munthu wa masiku ano akanakhala pamenepo akanasungunukanso, chifukwa inu simutha kukhala osadzikanda. Koma a Namwale anali ndi mbiri yawo ndi kamera. Ali mtsikana anajambulitsa kamodzi, ndipo pamene wojambula ankati musagwedezeke, iwo anatembenuka kuingitsa nkhuku. Chithunzi chinabwera ali ndi mitu iwiri. Mudzi wonse unachiona, ena kuchokera kutsidya kwa dambo. Kuyambira pamenepo akamva kuti kamera, ankauma ngati chitsa. Layisoni anazungulira ataima, anazungulira atanjuta, anakwera pa ngolo, dzuwa la mwezi wotentha likuswa mtengo, iwo manja ali pamawondo, osaphethira. Kompyuta inaona kuti awa ndi ng'anjo ndi chinthu chimodzi, ndipo inawamangira pamodzi.

Tsiku limene Tadala anandionetsa sindidzaliiwala. Ng'anjo inaima pa galasi, mng'alu wake, timabowo take, khosi lake lakuda. Ndipo pansi pake alongo anga, atavala duku la buluu, chitenje chatsopano mizere ya kusitolo isanafufutike, mapazi opanda nsapato atagundana. Anali atachepa. Ine ndinkawakumbukira ali mayi wothamangitsa amuna ndi munsi. Tadala anatembenuza ndi chala, ndinaona khutu lawo, ndinaona mfundo ya duku kumbuyo, ndinaona msana utapinda. Pa foni munthu umangomva mawu, ndipo mawu sakalamba msanga. Ndinauza Tadala kuti galasi lake likundiwawitsa maso.

Kubwereza kuja sikunachitike. Mvula inayamba msanga, a Namwale anagwidwa chifuwa, ndipo Khirisimasi sanaione. Maliro ndinalira pafoni, nditakhala pa bedi langa lomweli, nyimbo ikudukaduka ndi netiweki. Pa masiku amenewo panalibe woganiza za udzu. Layisoni atapita kumunda maliro atatha, anapeza ng'anjo itagona chammbali, mulu wa dothi lofiira, madzi akuyenda pamwamba.

Ndiye mwezi wathawu Tadala anabwera n'kukhala pansi mwaulemu. Mwana akakhala mwaulemu dziwani kuti pali chimene akufuna.

"Agogo, ng'anjo ija ndikuipereka kumalo osungira a yunivesite. Kumeneko kumafunika chinthu chokhachokha. Agogo aakaziwa ndiwachotsa, koma inu ndikusungirani yanu pafoni ali momwemo."

"Foni yanga iti? Iyi inagwera mu ndowa ija? Ine ndikafa, Lwazi aigulitsa maluwa a pamanda asanafote. Yakoyo ikhala mpaka liti?"

"Amati mpaka zidzukulu za zidzukulu."

"Ndiye kokhalitsako kupite dothi, kwakanthawiko kupite munthu?"

"Si choncho, agogo. Akhala pakamwa penipeni, ndipo ophunzira amafuna kuona pakamwapo. Komanso sanavomere kuti nkhope yawo ionedwe ndi dziko lonse. Sitiika munthu asanavomere."

"Munthu wavala duku lake la paukwati, wakhala padzuwa mpaka ntchito kutha, iwe ukufuna avomere bwanji? Akuvinire?"

"Agogo, simukundimvetsa."

"Mkazi wanga, ukwati watha. Tiyi wako umwe wekha."

Kunena zoona mwanayu sankanama. Ntchito ili ndi malamulo ake. Ngakhale ku fakitale tsache linali ndi pogona pake. Ndipo iye ndi amene anapulumutsa ng'anjo, ine ndinangoloza ndi chala. Koma ndinkati ndikaganiza kuti a Namwale aikidwa m'manda kachiwiri, ine ndilipo, ndikuonerera, mtima unkakana. Koyamba kuja ndinali ndi chowiringula cha mawondo. Apa ndikanawiringula chiyani?

Lamulungu masana titachoka kutchalitchi, anandiitana pathebulo. "Bwerani muone, agogo. Musadzati ndinachita mobisa." Ndinakhala, chipewa chili kumutu kuti adziwe kuti sindinabwere mwamtendere. Anajambula mzere kuzungulira alongo anga, pang'onopang'ono, kuyambira pa duku, paphewa, pachigongono, mpaka ku zala za kumapazi. Kenako anadina.

Anachoka. Koma kumbuyo kwawo kunalibe pakamwa. Kunalibe chilichonse. Kamera inali isanaone zimene zinali kuseri kwa msana wawo, ndiye pa ng'anjo panatsala chibowo chotuwa, ndipo chibowocho chinali ndi duku, chinali ndi mapewa, chinali ndi mawondo. Aliyense wa kwathu akanachiona akanati, awo a Namwale. Tadala anatembenuzira uku, anatembenuzira uko. Bowo linakhalabe pansi, manja pamawondo.

"Kompyuta imata yokha," anatero, koma mawu anali atachepa.

"Imata ndi chiyani?"

"Imangoyerekeza."

Anadinanso. Bowo linatsekeka ndi chinthu chosalala ngati pulasitala wa simenti, chopanda mng'alu, chopanda mwaye. Ine pakamwa paja ndinakwawapo ndi mimba yanga, ndimapadziwa. Ndinangoyang'ana kuzenera. Mwanayo anachotsa chala pa laputopu.

"Apa ndiye ndikunama, agogo," anatero. "Pakamwa sitinapaone, ndipo sitidzapaonanso. Chimene tinaona ndi iwowa."

Anabweza kumbuyo, simenti ija inachoka. Anabwezanso. Alongo anga anakhalanso pampando wawo ngati sanapite kulikonse. Pomwepo anaimbira Layisoni kumufunsa ngati banja likulola kuti amayi ake aonedwe ndi anthu akutali. Layisoni anaseka. "Mukawachotsa ndiye mudzaona zakuda. Amayi aja ngakhale kumanda mukuganiza agona?"

"Nanga aphunzitsi ako?" ndinamufunsa Tadala.

"Ndikawaonetsa bowo lija, asankhe okha. Pansipa ndilembe kuti ndani?"

"Lemba kuti a Namwale, osunga ng'anjo. Ndipo ukaike madzi pamoto, ukwati wabwerera."

Atapita kukhitchini ndinatsala ndekha ndi laputopu. Zala zanga ndi za nzimbe, galasi silizimva msanga, koma ndinalimbana nalo mpaka ng'anjo inatembenuka, alongo anga n'kuyang'ana kwa ine. Ndinavula chipewa. Ndinawomba m'manja monga timachitira kwathu pofika pakhomo pa akulu, n'kunena mokweza ndithu, "Odi, alongo. Mwaswera bwanji? Ndine Mwale."

Sanayankhe. Koma musadabwe, inu ana. A Namwale n'kale lomwe sankayankha msanga moni wa munthu amene wachedwa kubwera kumudzi.